Olemba za maulendo amangoionera pawindo Ntcheu

Pali ntchito ina imene achinyamata amaisirira akangoimva: kuyenda m'madera osiyanasiyana, kuona malo, kudya za eni ake, kenako n'kukhala pansi kulemba zomwe waona, anthu n'kukulipira. Ati kudya ndalama chifukwa choyendayenda! Kwathu kuno munthu woyendayenda timamutcha dzina lina losakhala bwino, koma kwa azungu imeneyi ndi ntchito ya ulemu wake ndipo ena amangira nyumba.

Ine ndine mmodzi wa atolankhani oima paokha, aja opanda ofesi, opanda galimoto, opanda ya pamwezi, ndipo mbali yomwe ndinasankha ndi yomweyi ya maulendo. Anzanga akamandiona ndi kachikwama kumsana amati ndikudyerera. Ndiye imvani m'mene ntchitoyi imayendera, amene amadyerera zenizeni ndani, komanso chifukwa chake boma la Ntcheu, la anthu oposa 650,000 malinga ndi kalembera wa mu 2018, lomwenso lili pamsewu waukulu kuposa yonse m'dziko muno, silioneka pamasamba a za maulendo.

Tiyambe ndi mkulu uja tinamuloweza ku pulayimale. Aphunzitsi anatiuza kuti David Livingstone anali mmishonale komanso dokotala, koma sanatiuze kuti chuma chake chinachokera m'cholembera. Buku lake loyamba la mu 1857, Missionary Travels, linagulidwa pafupifupi 70,000 ndipo linamusandutsa munthu wopeza bwino. Kunena mosapsatira, mkuluyu anali wolemba za maulendo woyamba kudyerera nkhani za kuno.

Ndipo Ntcheu anaipondapo. Mu 1863 boma la Britain litamulamula kuti abwerere kwawo, madzi mu Shire anali atachepa moti sitima yake, Pioneer, sikanatha kutsika. M'malo mongokhala kudikira mvula, anauyamba wapansi kulowera kumpoto. Anatsata mtsinje wa Rivirivi n'kudzalowa m'chigwa cha Gowa, mapiri ali cha kumanzere kwake. Mapiriwo anawapatsa dzina la mnzake John Kirk, yemwe n'kuti atanyamuka kale kubwerera kwawo. Mpaka lero ana a ku Ntcheu amaloweza Kirk Range pa jogalafe ngati kuti agogo awo analibe maina a mapiri omwe ankadzuka nawo m'mawa uliwonse. Masiku owerengeka okha atadutsa, ulendo unapitirira, ndipo mu 1865 nkhani yonse inatuluka m'buku ku London.

Njira inakhazikika pomwepo: fika, ona, tcha dzina, pitirira, kagulitse kwanu.

Obwera pambuyo pake sanavutikenso ndi chigwa cha Gowa. Laurens van der Post anabwera mu 1949, anakwera Mulanje ndi Nyika, n'kulemba Venture to the Interior lomwe linatuluka mu 1952. Paul Theroux wa ku America anabwera mu 1963 ndi gulu la Peace Corps, anaphunzitsa pa Soche Hill ku Blantyre, ndipo mu 1965 anamupitikitsa m'dziko muno pomuganizira kuti akuthandiza nduna zomwe zinakangana ndi Kamuzu mu 1964. Ameneyo anadzatchuka dziko lonse mu 1975 ndi buku la ulendo wa pa sitima za pamtunda, ndipo atabweranso kuno mu 2001 anatilemba mosatinyengerera m'buku la Dark Star Safari. Ena linawapweteka, ena anati wanena zoona. Chachikulu n'choti iye anapita kubanki.

Nanga ife eni dziko tinali kuti? Funso limeneli yankho lake lili m'zaka 30 za chipani chimodzi. Mu 1968 kunabwera lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu. Mu 1973 kunabwera la kavalidwe: mayi asavale buluku kapena siketi yoonetsa mawondo, bambo asasunge tsitsi lalitali. Alendo ena ankametedwa pofika. Buku la kampani ya Lonely Planet lotsogolera alendo mu Africa linaletsedwa kuno chifukwa linanena zosakomera Ngwazi, moti azungu a zikwama kumsana ankachita kulibisa pansi pa zovala podutsa pachipata.

Ngati mzungu ankabisa buku, taganizani za Mmalawi wofika m'mudzi wa eni ake ndi kope m'manja, n'kumafunsa mafunso. Asanalembe mzere woyamba ayufi akhala atamufunsa kale khadi, apayoniya atamufunsa kuti wamutuma ndani. Ku Ntcheu ndiye kunali koopsa kwambiri kuyambira mu 1976 pomwe anamanga ana awiri a bomali, Albert Muwalo ndi Focus Gwede, Muwalo n'kudzanyongedwa mu 1977. Munthu wanzeru zake sakanayenda m'midzi ya kumeneko kufunsa mbiri ya mafumu. Legson Kayira wa ku Chitipa, yemwe anayenda wapansi kuchoka kwawo mu 1958 kufunafuna sukulu mpaka kukafika ku Sudan, ndiye Mmalawi amene ulendo wake unamveka dziko lonse m'buku la I Will Try la mu 1965. Koma ameneyo analembera kunja, ndipo anamwalirira ku London mu 2012.

Matipate atabwera, pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, nyuzipepala zinaphuka ngati bowa. Koma zonse zinali pa ndale, kuvulana zovala MCP, UDF ndi Aford. Amene anaona mpata wa za maulendo anali wakunjanso.

Dzina lake Philip Briggs, wobadwira ku Britain n'kukulira ku South Africa. Ameneyu ndiye chitsanzo chenicheni cha wolemba za maulendo woima payekha. Mu 1991 anatulutsa buku lotsogolera alendo ku South Africa ndi kampani ya Bradt, kenako anachita chimodzimodzi ndi Tanzania, Uganda, Ethiopia, ndipo mu 1996 linatuluka la Malawi. Ine mkuluyu ndimamupatsa ulemu chifukwa sanayambe ndi galimoto la kampani. Anayamba ndi mabasi ndi matola omwewa.

Ntchito yolemba buku lotere si yosangalatsa m'mene mukuganizira. Ukafika pa tauni, anzako akupita kukamwa, iwe umalowa resitihausi iliyonse. Umaona zofunda ngati zinachapidwa, umasuzumira kubafa, umafunsa mtengo wa chipinda cha mmodzi ndi cha awiri, umafunsa ngati madzi amatuluka. Kuchoka apo kudepoti: basi yoyamba imanyamuka nthawi yanji, ya usiku ilipo? Kenako kuyenda tauni yonse wapansi kujambula mapu, apa positi ofesi, apa polisi, apa banki. Mawa m'mawa wanyamuka, kukachitanso zomwezo kutsogolo. Ndipo bukulo limayamba kukalamba lisanatuluke kumakina. Kwacha ataimasula mu Febuluwale 1994 mitengo inkasintha mwezi ndi mwezi, resitihausi yomwe unaiyamikira chaka chatha chaka chino yasanduka chigayo. N'chifukwa chake mabukuwa amawakonzanso pakapita zaka zingapo, ndipo wolemba sadalira buku limodzi. Briggs amalemberanso magazini ngati Travel Africa ndi Wanderlust, ndipo mkazi wake Ariadne van Zandbergen ndi wojambula zithunzi, ndiye ulendo umodzi umabala buku, nkhani ndi zithunzi zogulitsa.

Koma wolemba wothamanga chotero amalemba zomwe owerenga ake akufuna. Mlendo wochokera ku Ulaya akufuna nyanja, njovu za ku Liwonde, phiri la Mulanje. Tsegulani mabuku otsogolera alendo muone: Cape Maclear masamba ndi masamba, Ntcheu ndime zowerengeka, malo othira mafuta ndi kugula kabichi. Sindikumunena mzungu. Iye msika wake amaudziwa.

Vuto lili pa ife. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuti ndilembe nkhani ya ku Nzama, mwachitsanzo, ndiyenera kulipira minibasi kufika pa boma, kenako njinga yamoto ya kabaza kukwera mtunda, malo ogona masiku awiri, chakudya, mayunitsi ndi bandulo yotumizira zithunzi. Zonsezo za m'thumba mwanga, nkhani isanalembedwe. Ikatuluka, malipiro ake nthawi zambiri safika ngakhale pa thiransipoti yopita kokha. Ndiponso sabwera tsiku lomwelo ayi. Umayamba wadzaza fomu, n'kumakauzidwa kuti wosayinira cheke wapita kumaliro, ubwerenso sabata yamawa. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Minibasi zinakweza. Malipiro a nkhani anangoti duu.

Ndiye anzanga amachita bwanji? Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mwini loji kunyanja amaitana atolankhani, amatumiza galimoto, amawagoneka pabwino, chambo chamafuta patebulo, pobwerera kaenivelopu ka chipondamthengo. Sabata yotsatira mumawerenga kuti malo akutiakuti ndi paradaiso wapansi pano. Simudzawerenga kuti madzi otentha kubafa sankatuluka, kapena kuti ogwira ntchito pamalopo atha miyezi itatu osalandira. Amene wakudyetsa sumulemba zoipa, ndi chikhalidwe chathu chomwe. Njira ina ndi kukwera nawo galimoto la bungwe kapena la unduna, makamaka mu Sepitembala, mwezi wa zokopa alendo, ndipo ukatero umapita komwe galimotolo likupita.

Sindikunyoza aliyense, njala ilibe manyazi. Ndikungoti mapu a nkhani za maulendo m'dziko muno amajambulidwa ndi amene ali ndi galimoto. Ntcheu ilibe nyanja, ilibe nkhalango ya njovu, ilibe mabwana a mahotela otumiza galimoto ku Blantyre kukatenga atolankhani. Ndiye imangooneka pawindo, basi ikuthamangira ku Lilongwe.

Chikhalirecho ndani anaona msewu ngati umenewu kwina? Kuchokera cha ku Biriwiri kukwera mpaka ku Lizulu, M1 ndiye malire enieni. Ukamapita ku Lilongwe, kumanja ndi Malawi, kumanzere ndi Mozambique. Munthu akawoloka msewu kukagula sopo ndiye kuti watuluka m'dziko, popanda pasipoti, popanda chidindo. Mbuzi zimadya ku Mozambique n'kukagona ku Malawi. Mabanja ndi amodzi, maliro amalirira limodzi, chiyankhulo n'chimodzi, chifukwa Angoni a ku Angonia ndi a ku Ntcheu anagawidwa ndi azungu pamapu basi.

Ndipo kutsidyako kuli mabwinja a masitolo akale, makoma opanda madenga, omwe anaphwasuka pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Nkhondoyo isanathe mu Okutobala 1992, Malawi anasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo Ntcheu inali limodzi mwa maboma omwe anasenza katundu wolemera. Agogo omwe anagawana minda ndi alendowo alipo, akukalamba. Amene anabadwira m'misasa ya othawa nkhondo pano ndi abambo ndi amayi a ana awo. Mlendo wodutsa pa basi amangoona khoma lakugwa. Kuti udziwe kuti sitoloyo inali ya ndani, inapsa usiku wanji, anthu anathawira mbali iti, uyenera kutsika, ukhale pansi, udikire mpaka munthu akukhulupirire.

Pa Lizulu pomwe mabasi amaima kanthawi, amayi akuthamangira mawindo ndi mabeseni a mbatata ya kachewere, tomato, anyezi, karoti ndi kabichi, aliyense amajambula chithunzi. Koma ndani anatsatapo thumba limodzi la kachewere kubwerera komwe lachokera? Ine ndinakwera lole kuchokera pamphambano ya Tsangano kulowera kumapiri. Kumeneko kumazizira moti mu Juni munthu umalankhula utsi ukutuluka m'kamwa. Mlimi amalima, vendala wa m'tauni ndiye amatchula mtengo, ndipo mvula ikagwa malole amatitimira mbatata n'kuolera panjira. Msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza andale akhala akuulonjeza pa kampeni iliyonse. Tchipisi chomwe mukudya ku Ndirande ndi ku Area 25 chili ndi ulendo wake wautali, ndipo ulendo umenewo ndi nkhani yoposa ya dziwe losambiramo la pa hotela.

Za mbiri ndiye musanene. Mu Okutobala 1896 asilikali a atsamunda anagwira Inkosi Gomani Chikuse n'kuipha, ndipo manda ake ali cha ku Dombole, kufupi ndi msewu womwe mabasi amadutsa tsiku ndi tsiku. Mwana wake, Philip Gomani, yemwe ndi Gomani Wachiwiri, ndiye mfumu yomwe inakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland poyera mu 1953 n'kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma a zaulimi. Atsamunda atafuna kumuchotsa, anathawira ku Mozambique mothandizidwa ndi mbusa wachizungu Michael Scott, koma Apwitikizi anamubweza. Scott anapitikitsidwa m'dziko muno, Gomani anamwalira mu 1954. Dziko lina likanakhala ndi njira yoti ana a sukulu ndi alendo aziyenda kutsata mapazi a mfumu imeneyi kuchokera ku Lizulu mpaka kutsidya. 

Ku Nzama, m'dera la Njobvuyalema, ndi komwe ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni yawo yoyamba m'dziko muno mu 1901. Kuli Mlanda, Gowa, Dombole, Nsipe, mishoni iliyonse ndi nkhani yake. Ngakhale maina a mafumu okha ndi okwanira kudzaza tsamba: Njolomole, Kwataine, Makwangwala, Ganya, Champiti, Mpando, Chakhumbira, ndi uja amaseketsa alendo, Tsikulamowa. Anthu amakonda kuwaseka Angoni kuti amangodziwa mowa ndi nyama, koma kaoneni ngoma ikamavinidwa pa Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo, zishango m'manja, pansi pakugwedezeka, khamu lonse likuti Bayethe kwa Inkosi ya Makosi Gomani Wachisanu. Atolankhani amapita ndithu, koma amapita ndi mdipiti wa mlendo wolemekezeka, amalemba zomwe wandale wanena, n'kunyamuka fumbi la ngoma lisanakhazikike.

Mzungu mmodzi yekha amene ndimamuchotsa pagulu la odutsa ndi mayi Margaret Read, yemwe m'zaka za m'ma 1930 anakhala pakati pa Angoni, kuphatikizapo a kwa Gomani, n'kudzalemba The Ngoni of Nyasaland mu 1956. Iyeyo sanali wa za maulendo, anali wofufuza za chikhalidwe, ndipo anali ndi omulipirira kuti akhale. Kusiyana kwake kuli pomwepo. Kukhala kumafuna ndalama kuposa kudutsa. M'mudzi wa Angoni sungangofika n'kutulutsa kope. Umayamba kwa anyakwawa, upereke moni m'malo mwake, unene kwanu ndi mfunda wako, akupatse mpando, mwina ndi chipanda chomwe. Tsiku loyamba limatha osalemba kanthu. Nkhani yeniyeni imabwera tsiku lachitatu, ndipo tsiku lachitatu limenelo ndi lomwe thumba la mtolankhani woima payekha silifika.

Ntcheu imatuluka m'nyuzi pakachitika ngozi pa M1, kapena pakagwa zovuta. Mu Juni 2024 makamera a dziko lonse anali ku Nsipe poika m'manda wachiwiri kwa pulezidenti, Saulos Chilima, yemwe anafa pa ngozi ya ndege ku Chikangawa. Mwambo utatha anapakira mawaya awo. Ngakhale boma limadziwa kuti phindu la Ntcheu lili mwa odutsa: geti loyamba lolipiritsa magalimoto m'dziko muno analitsegula pa Chingeni mu Novembala 2021.

Pali njira inanso yomwe anzanga ena amapezera ya sopo. Mtolankhani wakunja akabwera amafuna womuperekeza, womumasulira, womupezera anthu oyankhula nawo. Iwe ndiye umadziwa mfumu, umadziwa njira yachidule, umadziwa agogo omwe akukumbukira nkhondo. Nkhani ikatuluka ku London kapena ku Johannesburg dzina lili pamwamba ndi lake. Si zachilendo. Livingstone m'chigwa cha Gowa sanayende yekha, panali omuonetsa njira, omunyamulira katundu ndi omuuza maina a Mvai ndi Chirobwe. Mwa onse omwe anayenda naye zaka zonse zija, ana asukulu amangodziwa Chuma ndi Susi, nawonso chifukwa chonyamula mtembo.

Masiku ano ati zinthu zaphweka poti kuli Facebook, YouTube ndi TikTok. N'zoona kuti mnyamata wa ku Kasinje kapena Bilira atha kujambula mudzi wake anthu n'kuuona ku Joni tsiku lomwelo, ndipo ena akuchita bwino zedi, sadikiranso mkonzi. Koma intaneti yomweyo ndi imene yadya msika wa mabuku otsogolera alendo ndi malonda a m'nyuzipepala. Mlendo safunanso mapu ojambula pamanja, amangofunsa foni. Ndipo anthu 5,000 akakonda chithunzi chako, bandulo umagulabe wekha. N'chifukwa chake ambiri a ife timaphatikiza: lero nkhani, Loweruka kujambula ukwati, sabata inayo kulemba lipoti la bungwe.

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanauza khonsolo ya Ntcheu ndi mafumu kuti asadikire unduna. Kabuku kakang'ono ka m'Chichewa, kolembedwa ndi ana a konko, kogulitsidwa pa Lizulu ndi pa boma pambali pa kabichi, konena za manda a Gomani, za Nzama, za mabwinja a m'malire ndi komwe munthu angagone. Owerenga alipo. Basi iliyonse yodutsa pamenepo imanyamula anthu 60 otopa ndi kuyang'ana pawindo.

Nkhani ya mbatata ya ku Tsangano ija ndinaipereka kwa akonzi atatu. Woyamba anati ndi yaitali. Wachiwiri anati ndiisinthe ikhale ya Chingerezi. Wachitatu anaiwerenga mpaka kumapeto, anati ndi yabwino kwabasi, kenako anandifunsa ngati kuli nduna yomwe ikupita kumeneko posachedwa kuti tiiphatikize ndi chithunzi chake.